Matope a pa doko la Beira ndi mtengo wa thumba la feteleza

Amene anakwerapo Ilala pa nyanja ya Malawi akudziwa zimene zimachitika sitimayi ikafika pamalo pomwe palibe doko lomangidwa. Siifika kumtunda. Imaima chapatali n'kuponya nangula, ndipo anthu ndi katundu wawo amatsikira m'maboti ang'onoang'ono amene amawafikitsa pagombe. Matumba a chimanga, malata, njinga, ngakhale odwala, onse amadzera m'mabotiwo, ndipo ntchito imene ikanatha msanga imadya maola. Chifukwa chake n'chimodzi: kufupi ndi gombe madzi ndi osaya, ndipo sitima ikayandikira ikhoza kukhula pansi.

Vuto lomweli liliponso kunyanja yamchere, koma kumeneko n'lalikulu kwambiri. Ilala imalowa m'madzi pafupifupi mamita awiri basi. Sitima zimene zimabweretsa feteleza, tirigu ndi mafuta a galimoto kuchokera kumaiko akutali zimalowa m'madzi mamita 10, 12 kapena kuposerapo. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho katundu wathu wambiri amatsikira pa madoko a anzathu: Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, ndi Durban ku South Africa. Ambiri a ife sitidzawaona madokowa, koma kuya kwa madzi ake kuli ndi mbali pa mtengo wa zinthu zimene timagula komanso pa nthawi imene zimatifika. Tiyeni tione chifukwa chake, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha Beira.

Sitima imafuna madzi akuya bwanji?

Aliyense amene anapalasapo bwato amadziwa kuti likamalemera limamira pang'onopang'ono. Sitima nayonso ndi chimodzimodzi. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake amalembako manambala osonyeza kuti yalowa m'madzi mamita angati, ndipo pakati pake pali chizindikiro chosonyeza malire amene siyenera kupitirira ponyamula katundu. Chizindikirochi chimatchedwa Plimsoll, potengera dzina la Samuel Plimsoll, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain amene analimbana ndi eni sitima odzaza katundu mopitirira muyeso, mpaka lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1876.

Koma sikokwanira kuti madzi angofanana ndi kulowa kwa sitimayo. Pansi pake payenera kutsala mpata, ndipo madoko ambiri amafuna kuti mpatawo ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulowa kwa sitima. Sitima yolowa mamita 10 imafuna madzi osachepera mamita 11. Zifukwa zake n'zingapo. Mafunde amaikweza ndi kuitsitsa. Ikamakhota imapendekeka, mbali imodzi n'kutsikira pansi. Madzi a mumtsinje ndi opepuka kuposa amchere, motero sitima ikalowa pamene madzi awiriwa asakanikirana imamira pang'ono kuposa mmene inalili panyanja. Chinanso n'chakuti ikamathamanga pamadzi osaya, madzi opanikizika pansi pake amayenda mwaliwiro n'kuikokera pansi, nthawi zina ndi mita yathunthu. N'chifukwa chake sitima zikuluzikulu zimayenda pang'onopang'ono zikamalowa padoko.

Njira, pokocheza ndi podikirira

Tikayang'ana nyanja timaona madzi okhaokha, ngati kuti sitima ikhoza kudzera paliponse. Si choncho ayi. Kufupi ndi doko sitima imatsata njira imodzi, yomwe ili ngati ngalande yaikulu pansi pa madzi. M'mbali mwa njirayi amaikamo zizindikiro zoyandama, zofiira mbali ina, zobiriwira mbali inayo, ndipo usiku zimawala. Woyendetsa sitima, ngakhale akhale katswiri wotani, salowa yekha. Amakwera munthu wa padokopo, wotchedwa pilot, amene amadziwa pamene pali mchenga ndi mmene madzi amakokera.

Malo ofunika kukhala akuya ndi anayi. Oyamba ndi njirayo. Achiwiri ndi bwalo lotembenukira, pamene maboti amphamvu okoka ndi kukankha amaizungulitsira sitima. Achitatu ndi pokocheza penipeni, pamene imatsitsira katundu. Achinayi ndi podikirira, kunja kwa doko, pamene sitima zimaponya nangula podikira malo kapena podikira madzi kuti akwere.

Podikirira pamafunika chisamaliro chapadera. Sitima yoponya nangula siikhala phee malo amodzi. Unyolo wake umatalika kangapo kuposa kuya kwa madzi, ndipo mphepo kapena madzi zikasintha kolowera, sitima imazungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Bwalo lonse limene ingazunguliremo liyenera kukhala lakuya ndiponso lopanda sitima ina. Nthaka ya pansi nayonso ndi yofunika: nangula amagwira bwino m'dothi lomata ndi mumchenga wolimba, koma pathanthwe amaterereka. Nangula akalekerera pa nthawi ya namondwe, sitima imakokedwera kumchenga kapena kukagunda inzake.

Beira, doko la pamathiriro a mtsinje

Mzinda wa Beira uli pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya Indian Ocean. Mtsinjewu umachokera kumapiri a Nyanga ku Zimbabwe, ndipo chapafupi pomwepo pamathiranso mtsinje wa Buzi. Malo otere ndi abwino chifukwa sitima zimabisala ku mafunde, komanso kuchokera pamenepo misewu ndi njanji zimalowa mosavuta kumtunda. Kuchokera ku Beira kufika ku Blantyre kudzera ku Tete ndi Mwanza ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 800, waufupi kwambiri poyerekeza ndi wochokera ku Durban kapena ku Dar es Salaam.

Koma walira mvula walira matope. Mitsinje iwiriyi imanyamula dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri, ndipo ikafika kunyanja liwiro lake limachepa, dothilo n'kukhazikika pansi. Nyanja nayo imasuntha mchenga m'mbali mwa gombe. Zonsezi zimakathera mu njira ya sitima, pakuti dzenje lililonse pansi pa madzi limakoka matope monga mmene ngalande ya m'mbali mwa msewu imadzalira nthawi ya dzinja.

Njira yolowera ku Beira imatchedwa Macuti. Ndi yaitali makilomita pafupifupi 30, ndipo penapake ili ndi khona lovuta. Kuya kwake kovomerezeka ndi mamita 8 pa nthawi imene madzi aphwa kwambiri. Mungafunse kuti nanga sitima yolowa mamita 11 imadutsa bwanji pa mamita 8? Yankho lili pa kukwera ndi kuphwa kwa nyanja. Mosiyana ndi nyanja ya Malawi, imene imakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula, nyanja yamchere imakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Ku Beira kusiyanaku n'kwakukulu zedi: mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amakwera ndi mamita oposa 6. Choncho sitima yolemera imadikira kunja mpaka madzi atakwera, kenaka n'kulowa m'maola ochepa amenewo. Ikaphonya nthawiyo, imadikira maola ena oposa 12. Masiku amene mwezi uli theka madzi sakwera kwambiri, ndipo sitima yolemeretsa ikhoza kudikira masiku angapo.

Apa ndi pamene matope amavutira. Njirayi inakumbidwa kufika mamita 8 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma m'zaka zotsatira ntchito yochotsa matope inkachepa poyerekeza ndi matope olowa. Pofika m'zaka za m'ma 2000 malo ena anali atakwiririka kwambiri, moti sitima zikuluzikulu sizinkalowa zitadzaza, ndipo kuyenda usiku kunali kovuta. Makontena ambiri ankayamba atsikira ku Durban, n'kukwezedwa m'sitima zing'onozing'ono zopita ku Beira, monga momwe maboti amachitira ndi Ilala. M'zaka za 2010 ndi 2011 kampani ya boma yoyang'anira madoko ndi njanji ku Mozambique, CFM, inalemba ntchito kampani ya ku Netherlands yotchedwa Van Oord kuti ikumbe njirayi mwachangu, ndi thandizo la ndalama lochokera ku European Investment Bank ndi ku boma la Netherlands. Ntchitoyo itatha, sitima zonyamula mpaka matani 60,000 zinayamba kulowa. Koma matope sanasiye kubwera. Pofika mu 2017 panafunikanso ntchito ina yaikulu yofanana ndi yoyambayo.

Ntchito yokumba imayenda bwanji?

Asanakumbe amayamba ayeza. Boti laling'ono limayenda uku ndi uku likutumiza phokoso pansi pa madzi. Phokosolo likagunda pansi limabwerera, ndipo nthawi imene latenga imasonyeza kuya kwa malowo. Kompyuta imasonkhanitsa miyesoyo n'kujambula mapu osonyeza pamene mchenga waunjikana.

Kenaka pamabwera sitima yokumba, imene pa Chingerezi amati dredger. Zilipo zamitundu itatu ikuluikulu. Yoyamba imayenda pang'onopang'ono ikukoka chipaipi chachikulu pansi pa madzi. Chipaipicho chimayamwa mchenga ndi matope n'kuzithira m'mimba mwa sitimayo, ndipo ikadzaza imapita kumalo osankhidwa, n'kutsekula zitseko za pansi kuti itaye. Mtundu umenewu ndiwo umagwira ntchito kwambiri m'njira zazitali ngati Macuti, chifukwa sutseka njira ya sitima zina. Wachiwiri uli ndi mutu wa mano achitsulo wozungulira, umene umaphwanya dothi louma kapena miyala yofewa isanayamwidwe n'kutumizidwa kumtunda kudzera m'mapaipi oyandama. Wachitatu uli ngati katapila wokumba woikidwa pa chiphaka, ndipo umagwira ntchito m'makona ndi m'mbali mwa khoma la doko.

Kwathu kuno makina otere si achilendo. Kampani yopanga magetsi ya EGENCO imachotsa matope m'maiwe a pa Nkula ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, chifukwa dziwe likadzala matope madzi oyendetsa makina amachepa, magetsi n'kumazimazima.

Akatswiri amasiyanitsa ntchito ziwiri. Pali kukumba koyamba, kozamitsa kapena kukulitsa njira kuposa mmene inalili. Kumeneku ndiko kumadya ndalama zambiri nthawi imodzi, ndipo ndiko atsogoleri amakonda kudzatsekulira ndi mwambo. Ndiye pali kukumba kosamalira, kochotsa matope atsopano chaka ndi chaka. Kumeneku sikumveka pa wailesi, koma kukalekeka, ndalama zonse za ntchito yoyamba zija zimakwiririka m'zaka zochepa. Ku Mozambique ntchito yosamalirayi ili m'manja mwa kampani ya boma yotchedwa Emodraga. Mu 2013 dzikolo linalandira sitima yokumba yatsopano, yotchedwanso Macuti, yogulidwa ndi thandizo la dziko la Denmark. Pa ulendo umodzi imanyamula makiyubiki mita 2,500 a mchenga, omwe angadzaze matipa akuluakulu oposa 200.

Njira ikachepa

Dziko lonse linaona kuopsa kwa njira yopanikiza pa 23 Malichi 2021. Sitima yonyamula makontena yotchedwa Ever Given, yotalika mamita 400, inkadutsa mu ngalande ya Suez ku Egypt kukuomba mphepo yamphamvu. Inapatuka, mutu wake n'kuzika m'gombe limodzi, kumbuyo kwake n'kutsamira gombe linalo, ndipo njira yonse inatsekeka. Sitima zoposa 400 zinaima kudikira. Panatenga masiku asanu ndi limodzi, sitima zokumba zikuchotsa mchenga kuzungulira mutu wake ndi maboti okoka akulimbana nayo, kuti iyandamenso pa 29 Malichi, madzi atakwera ndi mwezi wathunthu. Pambuyo pake boma la Egypt linakulitsa ndi kuzamitsa chigawo cha kummwera cha ngalandeyo.

Sitima yokakamira pansi simangotseka njira. Madzi akaphwa, kulemera kwake konse kumatsamira pamalo ochepa, ndipo chitsulo chikhoza kung'ambika. Ngati yanyamula mafuta, amatayikira m'madzi momwe asodzi amapezamo chakudya, ndipo miyoyo ya ogwira ntchito m'sitimamo imakhala pangozi.

Mita imodzi ndi matumba angati?

Tiyeni tiwerengere. Sitima yonyamula feteleza yotalika mamita 200 ndi mulifupi mwa mamita 32 imamira sentimita imodzi pa matani pafupifupi 60 alionse oikidwamo. Ngati matope achepetsa njira ndi mita imodzi, sitimayo iyenera kusiya matani pafupifupi 6,000. Amenewo ndi matumba 120,000 a makilogalamu 50, kapena mathiraki 200 onyamula matani 30 iliyonse. Komabe mafuta a sitimayo, malipiro a antchito ake ndi masiku a ulendo sizichepa. Mtengo wa ulendo wonse umagawidwa pa matumba ochepa, motero thumba lililonse limakwera.

Palinso ndalama ya chilango imene mwini katundu amalipira kwa mwini sitima pa tsiku lililonse limene sitimayo yachedwa kupyola masiku a m'pangano. Pa sitima yaikulu ndalamayi imafika madola masauzande ambiri pa tsiku. Wogula katunduyo saimeza yekha. Amaiwonjezera pa mtengo, ndipo pomaliza imatuluka m'thumba mwa mlimi wa ku Thyolo kapena ku Mchinji.

Nthawi nayo ndi chuma. Feteleza wofika mu Januwale sathandiza chimanga chodzalidwa ndi mvula yoyamba. Dizilo amene amayendetsa ambulansi, chigayo ndi jenereta ya chipatala amabwera pa sitima. Katundu wolemera wa zaumoyo, monga maneti oteteza ku udzudzu ndi zipangizo zambiri za m'zipatala, kawirikawiri amabwera m'makontena. Ndipo fodya, tiyi, shuga ndi nandolo zathu zimatulukira pa madoko omwewa. Ulendo ukakwera mtengo, wogula wakunja amatsitsa mtengo umene angapatse mlimi.

Tisanamizane kuti kuya kwa doko ndiko gwero la mavuto onse. Kusowa kwa ndalama zakunja, kugwa kwa kwacha, kuonongeka kwa misewu ndi kuchedwa pa zipata za m'malire nthawi zambiri zimakweza mitengo kuposa matope. Koma unyolo umadukira pa mfundo yofooka, ndipo njira ya sitima ndiyo mfundo yoyamba.

Kukumba kuli ndi kuipa kwake

Sitima yokumba imavundula madzi. Matope oyandama amatchinga kuwala, ndipo akakhazikika amakwirira udzu wa pansi pa nyanja ndi malo amene nsomba zimaswerana. Gombe la chigawo cha Sofala, komwe kuli Beira, ndi lotchuka ndi ma prawn, tizilombo ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu timene dziko la Mozambique limagulitsa kunja. Ana ake amakulira m'mizu ya mitengo ya mangrove, imene imamera m'matope a madzi amchere, ndipo mabanja ambiri a asodzi amadalira malo amenewa.

Matope a pafupi ndi pokocheza amakhalanso ndi zotsalira za mafuta, penti ndi zonyansa za mumzinda. Akavundulidwa, poizoniyo amalowa m'nsomba, kenaka mwa anthu ozidya. N'chifukwa chake pangano la maiko lotchedwa London Convention la 1972, ndi lina lolilimbitsa la 1996, limafuna kuti matope ayezedwe ndi kupatsidwa chilolezo asanatayidwe m'nyanja. Vuto lina n'lakuti njira yozama imalola madzi amchere kulowa patali mumtsinje. Mu 2023, mtsinje wa Mississippi ku America utaphwa ndi chilala, madzi amchere anakwera mu njira yake yozamitsidwa mpaka kuopseza madzi akumwa a mzinda wa New Orleans.

Zonsezi sizikutanthauza kuti kukumba kuleke. Zikutanthauza kuti pakhale kafukufuku ntchito isanayambe, asodzi afunsidwe, malo otayira asankhidwe mosamala, ndipo nyengo imene nsomba zikuswana ilemekezedwe. Mchenga woyera sufunika kutayidwa konse: ukhoza kukwezera malo otsika kapena kulimbitsa gombe. Kwa mzinda wotsika ngati Beira, umene unasakazidwa ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, mchenga wotere ndi wamtengo wapatali.

Nacala, Nsanje ndi phunziro lake

Si doko lililonse limene limavutika chonchi. Nacala ili pa chigwa chozama mwachilengedwe, ndipo palibe mtsinje waukulu wothiramo matope, motero sitima zikuluzikulu zimalowa nthawi iliyonse osadikira madzi. Njanji yolumikiza Malawi ndi dokoli kudzera ku Nayuchi inatsekulidwa mu 1970, ndipo mu Okutobala 2023 atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia anakumana kumeneko potsekulira dokoli litakonzedwanso ndi thandizo la dziko la Japan. Madoko ena akuzamitsa njira zawo kuti asatsalire: Maputo inafika mamita opitirira 14 mu 2017, ndipo Dar es Salaam nayo yakhala ikukumba njira yake ndi ngongole ya World Bank.

Ifenso tinaphunzirapo. Mu Okutobala 2010 boma la Bingu wa Mutharika linatsekulira doko la Nsanje, ndi cholinga choti katundu azibwera pa madzi kudzera mu Zambezi ndi Shire. Khoma lokochezapo linamangidwa, koma njira ya m'madzi inali isanakonzedwe, ndipo boma la Mozambique linaumirira kuti payambe pachitika kafukufuku wa mmene kukumba kungakhudzire mitsinjeyo. Mitsinje iwiriyi imasuntha mchenga chaka chilichonse ndipo imaphwa m'chilimwe. Mpaka lero dokolo silinagwire ntchito imene analimangira. Doko si khoma la simenti. Doko ndi madzi akuya ofika pakhomalo, osamalidwa chaka ndi chaka.

Pali zinthu ziwiri zimene tingatengepo. Choyamba, tikamva lonjezo la doko kapena njira ya pamadzi, kaya ndi ku Nsanje, ku Chipoka kapena ku Nkhata Bay, tisamangofunsa za ndalama zomangira. Tizifunsanso kuti adzachotsa matope ndani, kangati, ndi ndalama zochokera kuti, ndipo adzawataya kuti. Chachiwiri, matope a mumtsinje sagwa kumwamba. Amene akutseka Macuti ena anali nthaka ya m'munda wa munthu ku Manica, monganso amene amadzaza dziwe la Nkula anali nthaka ya ku Ntcheu, Balaka kapena Neno. Mlimi amene walima mizere yopingasa, wabzala vetiva ndi kusiya mitengo m'mbali mwa mtsinje wasunga chonde cha munda wake, ndipo wachepetsanso dothi limene wina kumunsi akanalipira ndalama zambiri kuti alichotse.